Yuniyoni ya Mkuwa: Kodi Tipake Zomatira Pomanga Nati?

Mwezi wa Okutobala ukafika, madzi pa famu amasanduka chinthu chowerengera. Zitsime zimatsika, pampu imalira nthawi yaitali kuti idzaze thanki, ndipo dimba, nkhuku, ng'ombe ndi khitchini zonse zimadalira thanki imodzimodziyo. M'nyengo imeneyi mlimi amayamba kuona timalo tonyowa timene m'dzinja sankatisamala: pansi pa thanki, pambali pa pampu, kuseri kwa chotenthetsera madzi cha dzuwa. Akalondola kumene chinyonthocho chikuchokera, nthawi zambiri amafika pa cholumikizira mapaipi chimene amisiri amachitcha yuniyoni.

Apa m'pamene pamabuka funso limene ophunzira athu a ntchito zamadzi amafunsa kawirikawiri. Pomanga nati ya yuniyoni ya mkuwa, kodi tikulunge tepi yoyera ija, kapena tipake phala lomatira mapaipi? Ena amati paliponse pamene pali mazinga pafunika tepi. Ena amati yuniyoni imamangidwa youma. Yankho lake ndi ili: pa mazinga a nati ya yuniyoni sipafunika tepi kapena phala, chifukwa madzi satsekedwa pamenepo. Zomatira zili ndi malo ake pa mazinga a kumapeto, pamene yuniyoniyo ikulowa m'paipi, m'valavu kapena m'pampu. Munthu akamvetsa chifukwa chake, sadzafunikanso kuloweza lamuloli, pakuti adzaliona yekha pa chipangizo chimene chili m'manja mwake.

Mmene yuniyoni inapangidwira

Yuniyoni ili ndi zigawo zitatu. Pali mbali ziwiri zimene zimalumikizidwa ku mapaipi, ina uku ina uko, ndiponso nati yaikulu imene imakokera mbali ziwirizo pamodzi. Mbali ina ili ndi phewa limene natiyo imagwira, ndipo mbali inayo ili ndi mazinga amene natiyo imalowamo. Zigawozi nthawi zambiri zimakhala za bulasi, chitsulo chachikasu chosakaniza mkuwa ndi zinki, ndipo zimapangidwa molingana ndi mapaipi a mkuwa amene timawadziwa, a mamilimita 15, 22 ndi 28.

Ubwino wa yuniyoni ndi wakuti imamasuka popanda kudula paipi kapena kuzungulitsa mzere wonse wa mapaipi. N'chifukwa chake imaikidwa pafupi ndi zinthu zimene tsiku lina zidzafuna kuchotsedwa: pampu, sefa, mita ya madzi, thanki, chotenthetsera madzi. Pampu ikawonongeka, mmisiri amamasula nati ziwiri, n'kuinyamula kupita nayo kokakonza.

Mukamasula yuniyoni n'kuyang'ana pamene mbali ziwirizo zimakumana, muona milomo iwiri yosalala bwino. Pa mtundu wina, mlomo umodzi umakhala wotumphuka mozungulira ndipo unzake umakhala wolowa m'kati ngati kambale, moti ikakumana imakhalirana ndendende, chitsulo pa chitsulo. Bulasi ndi mkuwa n'zofewa ndithu, choncho nati ikakoka, milomoyo imapanikizana n'kutseka timipata tonse. Pa mtundu wina, milomo yonse iwiri imakhala yafulati, ndipo pakati pake pamagona kamphete ka mphira kapena ka faiba kamene timati washa. Mitundu yonse iwiriyi imatsekera madzi pa milomo. Mazinga a nati ali kunja kwa malo otsekawo, ndipo pa yuniyoni yomangidwa bwino madzi sawakhudza n'komwe. Ntchito yawo ndi imodzi yokha, kukoka.

Taganizirani chigubu cha malita 20. Madzi amaletsedwa kutuluka ndi kamphira kamene kali m'kati mwa chivindikiro, kamene kamakhala pa mlomo wa chigubucho. Kamphirako kakasowa, ngakhale mumange chivindikirocho ndi mphamvu zanu zonse, chigubu chidzachucha panjinga. Yuniyoni imagwira ntchito mwanjira yomweyo.

Mazinga ali mitundu iwiri

Chisokonezo chimabwera chifukwa chakuti mazinga onse amaoneka ofanana kwa munthu amene akungoyamba ntchitoyi. Koma ali mitundu iwiri. Ena ndi owongoka, kukula kwake n'kumodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amenewa ndi a nati ya yuniyoni. Ena ndi osongoka pang'ono, ang'ono kunsonga ndi aakulu kutsinde: pa utali wa mamilimita 16 alionse, kukula kwake kumasintha ndi milimita imodzi. Amenewa ndi amene amapezeka kumapeto kwa mapaipi achitsulo ndi kwa zolumikizira zambiri. Mukamawamanga amanka nathina ngati chikhomo chokhomedwa m'bowo, ndipo madzi amatsekedwa ndi mazingawo eni ake.

Komabe ngakhale mazinga osongoka athine chotani, pamatsala kanjira kopyapyala kozungulira pakati pa nsonga za mazinga ndi makwawa ake. Madzi amakapeza kanjirako. Apa m'pamene tepi yoyera ndi phala zimagwira ntchito imene zinapangidwira, yodzaza kanjira kameneko. Tepiyi ndi ya pulasitiki yotchedwa PTFE, imene Roy Plunkett anaitulukira mu 1938 akugwira ntchito ku kampani ya DuPont ku America, ndipo ambiri amaidziwa ndi dzina lamalonda lakuti Teflon. Ndi yoterera kwambiri, siola m'madzi, ndipo imapirira kutentha. Poikulunga, lozetsani nsonga ya paipi kwa inu, muikulunge motsatira mmene mivi ya wotchi imayendera, kuti pomanga isamasuke. Siyani zinga loyamba lopanda tepi, kuti zidutswa zake zisagwere m'madzi.

Pali chinthu chinanso choyenera kudziwa pa mazinga. Mapaipi ambiri kuno kwathu amatsata muyeso wa ku Britain wotchedwa BSP, wochokera ku mazinga amene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841, amene ngodya yake ndi madigiri 55. Zipangizo zochokera ku America zimatsata muyeso wa NPT, wa madigiri 60. Pa saizi ya hafu inchi miyeso yonse iwiriyi ili ndi mazinga 14 pa inchi imodzi, choncho cholumikizira cha mtundu wina chimalowa m'chinzake n'kumunamiza munthu kuti zagwirizana. Mafamu a mipingo amalandira mapampu ndi masefa kuchokera kumaiko osiyanasiyana, ndiye ngati cholumikizira chatsopano chikudontha ngakhale mwachimanga bwino, yang'anani zilembo zimene zalembedwa pa icho musanawonjezere tepi.

Zimene zomatira zimawononga zikaikidwa pamalo olakwika

Wina anganene kuti, ngati tepi sithandiza pa nati, ndiye kuti siwononganso kanthu. Zoona zake n'zakuti imawononga, ndipo m'njira zingapo.

Choyamba, tepi imadzaza mazinga a nati n'kuichititsa kulimba msanga. Dzanja limamva kuti nati yafika, pamene milomo m'katimo sinapanikizane. Madzi amadutsa pa milomoyo n'kutulukira kumbuyo kwa nati, pa phewa paja, pamene palibe mazinga ngakhale amodzi oti tepi itseke. Mmisiri akaona dontho amamasula, n'kuwonjezera tepi ina, ndipo vutolo limakula.

Chachiwiri, ngati tepiyo ndi yochepa moti nati ikuyendabe, kuterera kwake kumachititsa kuti sipanala izungulire mosavuta kupyola muyezo. Nati ya bulasi ikamangidwa mopitirira imachita mng'alu, washa imaphwanyika n'kutulukira m'mbali, ndipo mlomo wotumphuka uja umadindika mzere umene sudzachokanso. Mng'alu wa nati nthawi zina suoneka tsiku lomwelo. Umadzatseguka patapita masabata, mwina usiku, ndipo pofika m'mawa thanki yonse yathera pansi.

Chachitatu, zidutswa za tepi ndi phala zikalowa m'paipi zimayenda ndi madzi mpaka zitapeza pothina. Pa famu malo othina ndi ambiri: timabowo ta mapaipi othirira modontheza, timilomo tomwera nkhuku, valavu ya mpira ya m'thanki, sefa ya pampu. Kachidutswa kamodzi kangatseke mzere wa tomato, kapena kuchititsa kuti valavu isatseke bwino ndipo thanki izisefukira.

Chachinayi, phala louma gwa, penti, silikoni ndi zina zotere zimapha cholinga chenicheni cha yuniyoni. Chipangizo chimene chinaikidwa kuti chizimasuka mosavuta chimasanduka chomata, ndipo tsiku lochotsa pampu mmisiri amafika podula paipi ndi sowo.

Chomaliza chikukhudza thanzi. Mapaipi a mkuwa pa famu amapezeka kwambiri kukhitchini, kumalo osambira, kuchipatala chaching'ono ndi kumalo otsukira ziwiya za mkaka. Amenewa ndi madzi amene amalowa m'thupi la munthu. Penti, girizi ya galimoto, ndiponso phala lopangidwa ndi mafuta lopakidwa pa chingwe siziyenera kukhudza madzi akumwa. Phala lililonse limene mugwiritse ntchito pa mazinga a kumapeto likhale lolembedwa pa chitini chake kuti ndi lololedwa pa madzi akumwa.

Nanga amisiri amene amapaka?

Tinene chilungamo: alipo amisiri odziwa ntchito yawo, a zaka zambiri, amene amapaka kaphala kochepa pa milomo ya yuniyoni, ndipo ntchito yawo sidontha. Sitinganene kuti sadziwa chimene akuchita. Koma mukawayang'anitsitsa muona kuti amachita zimenezi pa yuniyoni yakale ya chitsulo pa chitsulo, imene milomo yake yakandika pang'ono, pamene yatsopano palibe ndipo madzi akufunika lero lomwe. Amapaka kochepa kwambiri, ndi nsonga ya chala, phala losauma ndi lololedwa pa madzi akumwa, ndipo amapaka pa mlomo pamene pali vutolo. Kumeneku n'kupulumutsa tsiku, monga mmene timamangira malegeni pa paipi yoboola poyembekezera kugula ina. Yuniyoni yotero ilembedwe pa mndandanda wa zinthu zofunika kusintha.

Pa yuniyoni ya washa, ngakhale chifukwa chimenechi palibe. Phala limateretsa washa n'kuichotsa pamalo pake nati ikamathina. Mankhwala a yuniyoni ya washa imene ikudontha ndi washa yatsopano, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa wa tepi imene ikanawonongedwa.

Palinso amisiri amene amadontheza mafuta pang'ono pa mazinga a nati ndi pa phewa. Zimenezi n'zosiyana ndi kumata. Cholinga chake n'chakuti nati iziyenda mosakakamira ndiponso idzamasuke mosavuta chaka chamawa. Girizi ya silikoni yopangidwira mipopi ndi yabwino pa ntchitoyi. Mafuta a injini ndi girizi wamba zisakhudze washa ya mphira, chifukwa mphira wa mtundu umene umaikidwa m'mapaipi a madzi umatupa n'kufewa ukakumana ndi mafuta otere. Ndipo ngati wopanga chipangizocho waika pepala la malangizo m'bokosi, mawu ake ndiwo atsogole.

Kamangidwe koyenera

Ntchito yabwino imayamba nati isanakhudzidwe. Ngati mbali za yuniyoni n'zowotcherera ku paipi ya mkuwa, yambani mwalowetsa nati pa paipi, italoza koyenera, chifukwa mukawotcherera siidzalowanso. Patulani mbali ziwirizo ndipo chotsani washa, pakuti moto ungaipsereze. Gwiritsani ntchito solda yopanda mtovu pa madzi akumwa, ndipo samalani kuti isayenderere pa mlomo. Kadontho kamodzi ka solda kouma pa mlomo n'kokwanira kulepheretsa yuniyoni yatsopano kutseka. Zikazizira, pukutani mankhwala owotcherera onse otsala, chifukwa amadya mkuwa.

Kenako yang'anani ngati mapaipi awiriwo alunjikana. Milomo iyenera kukumana yokha, mofanana mbali zonse, musanaikoke ndi nati. Ngati mukufunika kukankha paipi ndi bondo kuti nati igwire, konzani paipiyo poyamba. Nati sinapangidwe kuti iwongole mzere wokhota, ndipo yuniyoni yomangidwa mokakamiza imapanikizika mbali imodzi n'kusiya mpata mbali inayo.

Pukutani milomo ndi kansalu koyera, pasakhale mchenga ngakhale kambewu kamodzi. Ikani washa ngati ndi mtundu wa washa. Mangani nati ndi dzanja mpaka itaima. Iyenera kuyenda mosavuta, ndipo ikakakamira pa zinga loyamba kapena lachiwiri, bwezani muyambenso, chifukwa yalowa mopingasa. Ikaima, tengani masipanala awiri: imodzi igwire thupi la yuniyoni kuti lisazungulire, inayo imange nati. Mukamanga ndi sipanala imodzi, mphamvu yonse imapotokola paipi ya mkuwa ndi malo owotcherera aja. Bobojani ya mano ndi ya mapaipi achitsulo, pa bulasi imatafuna ngodya za nati mpaka sipanala kusowa pogwira. Onjezani pang'ono chabe kupyola pamene dzanja linaimira, ndipo musalumikize paipi ku sipanala kuti ikhale yaitali.

Tsegulani madzi pang'onopang'ono, pukutani paliponse paume, n'kukulunga kapepala kouma pansi pa nati. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani mphindi zingapo. Kapepala kakanyowa, onjezani kumanga pang'ono, n'kuyesanso. Washa ya faiba imatupa ikanyowa, choncho kachinyontho kochepa ka poyamba nthawi zina kamasiya kokha. Pa mzere wa madzi otentha, bwererani mawa lake mukaonenso, madziwo atatentha ndi kuzizira.

Ikapitiriza kudontha

Yuniyoni imene yamangidwa moyenera n'kumadonthabe ikukuuzani kuti pali cholakwika m'kati. Tsekani madzi, imasuleni, muiyang'ane powala. Funafunani mchenga, solda, mzere wokandika, washa yosweka kapena yosakhala pakati, ndi mng'alu pa nati. M'madera amene madzi a pansi amadutsa m'miyala ya laimu, monga ku Lusaka, milomo ya yuniyoni yakale imagwira chikhakha choyera, makamaka pa madzi otentha. Chinyowetseni ndi viniga, chifewe, n'kuchipukuta. Musapale mlomo ndi tupa kapena mpeni.

Yang'ananinso mmene paipi yakhalira. Mkuwa umatalika ukatentha: paipi ya mamita 10 ikatentha ndi madigiri 50 imatalika ndi mamilimita pafupifupi 8. Pa chotenthetsera cha dzuwa zimenezi zimachitika tsiku lililonse, masana kutalika, usiku kubwerera. Ngati paipiyo ilibe zogwirizira zabwino ndi malo osunthira, yuniyoni ndiyo imasenza kukokana konseko. Chimodzimodzinso kunjenjemera kwa pampu, kumamasula nati pang'onopang'ono ngati mapaipi akulendewera pa pampuyo.

Mphamvu ya madzi siikhala chifukwa nthawi zambiri. Mamita 10 alionse a kutalika kwa thanki amapereka mphamvu ya pafupifupi bar imodzi, choncho thanki yokwezedwa mamita 6 siifika n'komwe pa bar imodzi. Yuniyoni yabwino imapirira mphamvu yoposa pamenepo kangapo. Ikadontha pansi pa thanki yotere, vuto lili pa milomo.

Pali malo amodzi pamene yuniyoni yosatseka bwino siionetsa dontho. Ku mbali imene pampu imayamwira madzi kuchokera m'chitsime kapena m'damu, kampata kamalowetsa mpweya m'malo motulutsa madzi. Pampu imayamba kutulutsa madzi modukizadukiza, kenako imazungulira youma, ndipo chotsekera cha pa shafiti yake chimapsa. Ambiri amagula pampu ina pamene vuto linali washa imodzi.

Machenjezo awiri

Mkuwa ukalumikizidwa mwachindunji ndi paipi yachitsulo ya galavanaizi, madzi amachititsa kuti chitsulocho chidyeke msanga pa malo olumikizirawo. Pali yuniyoni yopangidwira ntchito imeneyi, imene ili ndi washa ndi kapulasitiki kolekanitsa zitsulo ziwirizo. Kapulasitikiko kasatayidwe poganiza kuti n'kokutira chabe, ndipo tepi singalowe m'malo mwake.

Chenjezo lachiwiri ndi la gasi. Zonse zimene tafotokozazi n'za madzi. Mapaipi a gasi wophikira ndi a makina oziziritsa mkaka ali ndi zolumikizira za mtundu wina, zimene nazonso zimatsekera pa mlomo ndipo sizifuna tepi pa nati, koma ntchito imeneyo isiyidwe kwa mmisiri wophunzitsidwa za gasi. Komanso gasi wochokera ku ndowe ali ndi mpweya wonunkha ngati dzira lowola umene umadya mkuwa, motero mapaipi a mkuwa sayenera pa mzere umenewo.

Mtengo wa dontho limodzi

Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Madontho pafupifupi 20 amapanga mililita imodzi. Yuniyoni imene ikudontha kamodzi pa sekondi imataya malita oposa 4 pa tsiku, ndipo pa chaka ndi malita oposa 1,500, kapena kuti zigubu za malita 20 zoposa 75. Amenewa ndi madzi amene pampu inakweza ndi magetsi kapena dizilo wogula, ndipo kumidzi yathu alipo amayi amene amasenza madzi ochuluka chotero pamutu kuchokera kumjigo. Madzi akatayika saoleka. Chinyontho chosatha chimaoletsanso matabwa a nsanja ya thanki, chimadyetsa dzimbiri miyendo yake yachitsulo, ndipo chimaitana chiswe ku khoma.

Madzi ndi mphatso ya Mulungu imene tinapatsidwa kuti tiisunge, ndipo kusunga kumaonekera pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Tikupempha aliyense woyang'anira madzi pa famu, pa sukulu kapena pa tchalitchi kuti mvula isanagwe ayendere mayuniyoni onse ndi kapepala kouma m'manja. M'bokosi la zida musasowe masipanala awiri, mawasha a saizi zimene muli nazo, yuniyoni imodzi yapadera ndi tepi yoyera. Tepiyo muisungire mazinga osongoka a kumapeto. Pa nati pakhale poyera, milomo ikhale yosalala ndi yolunjikana, ndipo dzanja limange mofatsa.